Waya wa coax pa netiweki ya makompyuta: malamulo ake ndi zolumikizira

Ambiri mwa inu mumaudziwa waya wa coax chifukwa cha dishi ya DStv. Ndi uja wozungulira, wokhala ndi kachitsulo ka kopa pakati komanso ulusi wachitsulo wolukanalukana kunja kwake. Koma waya wa buluu wa RJ45 usanatchuke, makompyuta a m'maofesi ankalumikizana pa coax, ndipo malamulo ake sanali a masewera.

Mitundu inali iwiri. 10BASE5, waya wonenepa, unkafika mamita 500 n'kunyamula makompyuta 100. Koma umene ndikufuna tikambirane bwino ndi 10BASE2, wowonda uja, womwe unavomerezedwa mu 1985. Liwiro lake linali 10 Mbps basi, musaseke. Chigawo chimodzi cha waya sichidutsa mamita 185, makompyuta sapitirira 30, ndipo pakati pa kompyuta ndi inzake pakhale theka la mita kapena kuposa.

Makompyuta onse amakhala pa mzere umodzi ngati mikanda. Iliyonse imalowa pa mzerewo kudzera pa cholumikizira cha BNC chooneka ngati chilembo T, ndipo T ameneyu amamangidwa pa kompyuta penipenipo. Osaika kawaya kena pakati ati kuti kafike pa tebulo, ayi ndithu. Kumathero onse awiri kumakhala terminator ya 50 ohm, kachitseko komwe kamameza siginecha kuti isabwerere m'mbuyo n'kusokoneza uthenga. Mukachotsa imodzi, kapena wina akadula waya pakati, ofesi yonse zii. Waya wa nthaka umalumikizidwa mbali imodzi yokha.

Pofuna kutalikitsa netiweki pali lamulo la 5-4-3: zigawo zisanu, ma repeater anayi, koma zigawo zitatu zokha ndizo zikhale ndi makompyuta.

Pomwe ndalama zimatayikira ndi pogula. Netiweki imeneyi imafuna RG-58 wa 50 ohm. Waya wa dishi ndi RG-6, wa makamera a CCTV nthawi zambiri ndi RG-59, ndipo onsewa ndi a 75 ohm. Ndi maso amafanana, komanso BNC ilipo ya 50 ndi ya 75 yomwe, ndiye wogulitsa akangoti "ndi yomweyo, bwana", werengani zolembedwa pa wayapo. Cholumikizira cha F, chopotokola ngati nati chija, ndi cha dikoda. Pa BNC, ine ndimakonda yofinya ndi pulayazi yake kusiyana ndi yongopotokola ndi manja, chifukwa yopotokolayo sichedwa kukhwefuka.

Kuyeza n'kosavuta. Zimitsani makompyuta, ikani multimeter pakati pa kachitsulo ka pakati ndi thupi la T. Ikaonetsa pafupifupi 25 ohm, zili bwino. Ikati 50, terminator imodzi palibe kapena waya waduka. Ikayandikira 0, mawaya agundana penapake.

Ngati mukuyala netiweki yatsopano lero, gulani Cat6 ndi switch. Zimenezi zikuthandizani mukakumana ndi makina akale a m'fakitale, kapena pa mayeso a networking pomwe 185 ndi 5-4-3 amatha kutulukira.