Kuchokera ku Malimidwe: Mbiri ya Mlangizi wa Zaulimi m'Midzi Yathu

Mwezi wa Okutobala ukamatha, ambiri mwa ife amene tili kuno kunja timayamba kulandira mauthenga ofanana ochokera kumudzi: mvula yayandikira, feteleza wakwera mtengo, tithandizeni. Timatumiza zimene tingathe. Koma sikawirikawiri pamene timafunsa kuti kodi amene akuwalangiza makolo athu za kagwiritsidwe ntchito ka thumba limenelo ndani. Mlangizi wa zaulimi, munthu uja wa njinga yakapalasa amene tinkamuona tili ana, ali ndi mbiri yaitali, ndipo chiyambi chake sichinali chokoma.

M'nthawi ya atsamunda, makamaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma la Nyasaland linada nkhawa ndi kukokoloka kwa nthaka. Lamulo la mu 1946 linapereka mphamvu zokakamiza alimi kusiya matuto amene makolo ankadzalapo mbewu, n'kuyamba kulima mizere yopingasa phiri ndi kukumba migula. Njala ya mu 1949 itapha anthu ku Chigawo cha Kummwera, bwanamkubwa Geoffrey Colby analimbitsa dzanja. Wolephera kutsatira malamulowo ankalipitsidwa chindapusa kukhoti la mfumu, ena ankatsekeredwa m'ndende, ndipo ena ankazuliridwa mbewu zomera kale. Anthu anatcha zonsezi ndi liwu limodzi, malimidwe, liwu losalakwa limene linasanduka dzina la nkhanza. Nzeru yoteteza nthaka inali yoona, koma ntchito yokumba migula inali yowawa, inkagwera m'chilimwe nthaka itauma gwa, ndipo m'midzi yambiri inkagwera amayi popeza amuna anali ku Joni ndi ku Harare.

N'chifukwa chake mu 1953, pamene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinkakhazikitsidwa, Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu inasankha malamulo a zaulimi kukhala chida chokanira. Inauza anthu ake kuti asawamverenso. Boma linaichotsa pampando. Inathawira ku Mozambique pamodzi ndi m'busa Michael Scott, koma Apwitikizi anaibweza, ndipo inamwalira mu 1954. M'chaka chomwecho cha 1953 zipolowe zinabuka ku Thyolo ndi m'maboma ena a kummwera, ndipo anthu 11 anaphedwa. Amene amaganiza kuti ufulu wathu unabadwira m'misonkhano ya anthu ophunzira okha aiwala kuti mkwiyo waukulu unachokera kumunda. Mlangizi wa masiku amenewo ankaoneka ngati mesenjala wa boma, ndipo chipani cha Congress chinakolola chidani chimenecho.

Ufulu ukuyandikira, Dr. Kamuzu Banda analetsa kukakamiza nati alimi azikopedwa ndi mawu. Komabe mizere sinachoke. Anthu anapitiriza kuilima mpaka inakhala ngati mwambo wa makolo. Ndondomeko ya atsamunda yosankha alimi ochepa ochita bwino inabwereranso ndi dzina la Achikumbe. Tiyenera kuvomereza kuti iyi ndiyo nthawi imene ulangizi unali ndi mphamvu zenizeni. Pulojekiti yotukula ulimi ku Lilongwe inayamba mu 1968 ndi ndalama za World Bank, ADMARC inakhazikitsidwa mu 1971, ndipo kuyambira mu 1978 dziko linagawidwa m'zigawo 8 za ulimi, zimene timazidziwa kuti ma ADD, pansi pake pali ma EPA. Mlangizi anali ndi nyumba ya boma pakati pa anthu, munda wachitsanzo, ndi masiku ake okumana ndi makalabu. Galimoto zachikasu zinkafika m'midzi madzulo kudzaonetsa kanema wa ulimi, ndipo ana tinkakhala kutsogolo pa fumbi, tikudikira zidole zolankhula kuposa phunziro lenilenilo.

Koma dzanja limene linkapereka ndi lomwe linkalanda. Ngongole ya mbewu ndi feteleza inkadutsa m'makalabu, ndipo kalabu ikalephera kubweza, mbuzi, njinga ngakhale malata zinkatengedwa. Osauka kwenikweni, makamaka amayi olera okha ana, ankaopa kulowamo, motero mlangizi sankawaona. Panalinso kusamva. Kwa zaka zambiri alangizi ankalimbikitsa chimanga cha haibulidi chofewa, amayi n'kumakana chifukwa chinkaphwanyika mumtondo ndiponso chinkafumbwa msanga m'nkhokwe. Ankatchedwa osafuna chitukuko. Mpaka mu 1990 ndi pamene akatswiri a ku Chitedze anatulutsa MH17 ndi MH18, mbewu zolimba zokonoleka bwino, kutsimikiza kuti amayi aja ankanena zoona kuyambira pachiyambi.

Za achinyamata, boma linadalira gulu la Malawi Young Pioneers limene linayamba mu 1963. M'malo ophunzitsira monga Nasawa ku Zomba, anyamata ndi atsikana ankaphunzira ulimi wamakono kuti akakhale chitsanzo kwawo. Alipo amene anapinduladi. Koma yunifolomu yomweyo ndi imene inkaima pa msika kufunsa makadi a chipani, ndipo asilikali atalanda zida za gululo mu Disembala 1993, maphunziro a ulimi aja anagwera limodzi ndi mantha. Sipanabwere china cha msinkhu womwewo cholowa m'malo mwake.

Zaka za m'ma 1990 zinaphwasula zambiri. Chilala cha mu 1992 ndi ndale za matipate zinagwetsa ngongole za makalabu, ndalama za boma zinachepa, ndipo Edzi inatenga alangizi ambiri amene mipando yawo inakhala yopanda anthu. Ndondomeko ya mu 2000 inati ulangizi uziperekedwa ndi mabungwe osiyanasiyana, alimi eni ake azinena chimene akufuna. Pa pepala ndi mawu abwino. Kumudzi zinatanthauza kuti mlangizi mmodzi azisamalira mabanja oposa 1,000, mothandizidwa ndi alimi otsogolera osalipidwa. Makuponi a feteleza atayamba mu 2005, nthawi yake yambiri inathera polemba mayina ndi kuweruza madandaulo.

Nkhani ya zakudya ndiyo inachedwa kwambiri kulowa m'munda. Kale alangizi aakazi ankaphunzitsa amayi kuphika, kusoka ndi kukonza likuni phala, pamene alangizi aamuna ankakamba za chimanga ndi fodya ndi abambo, ngati kuti mphika ndi munda n'zosiyana. Chitsanzo chotsegula maso chinachokera ku Ekwendeni, m'boma la Mzimba, mu 2000. Ogwira ntchito pachipatala cha mishoni, atatopa kuona ana onyentchera akubwerera chaka ndi chaka, anagwirizana ndi alimi komanso wofufuza Rachel Bezner Kerr kuyesa kudzala nandolo, mtedza ndi soya pakati pa mbewu zina, n'kukwirira masangwi ake kuti abwezere chonde. Alimi okha ndiwo ankayesa ndi kuphunzitsana. Posakhalitsa anaona kuti kukolola nyemba sikokwanira ngati bambo azigulitsa zonse, kapena ngati agogo, amene mawu awo pa kadyetsedwe ka mwana satsutsidwa, sakuvomereza. Choncho anayambitsa masiku ophika pamodzi, abambo ndi agogo ali pomwepo. Ana a m'mabanja amene anakhalitsa m'ntchitoyi anayamba kukula bwino. M'dziko lonse, ana opinimbira anatsika kuchoka pa 47 mwa 100 alionse mu 2010 kufika pa 37 mu kafukufuku wa 2015 mpaka 2016, chiwerengero chimene chikadali chochititsa manyazi.

Ndipo mizere ija? Kuyambira m'zaka za m'ma 2000, alangizi ambiri akhala akuphunzitsa ulimi wa mtayakhasu: osagalauza nthaka, kuphimbira ndi mapesi, kudzala osaunda mizere. Nkhalamba zina, zimene makolo awo analipira chindapusa chifukwa chokana mizere, zimakana kuisiya, zikuti ndiko kulima kwa makolo.