MBIRI YA MOTO NDI KUWALA KUNO KWATHU KU MIGOWI

 Lero tisiye kaye za mtengo wa nandolo, tikambe mbiri ya moto ndi kuwala m'nyumba zathu. Masiku ano mapanelo a sola ali mbwee, ena pa malata, ena pa denga la udzu lenileni. Koma mufunseni mwana wa Sitandade 7 kuti chimalowa umu n'chiyani, chimatuluka n'chiyani, angoti "ndi magetsi a dzuwa", basi yathera pomwepo. Ine ndikuona kuti pamenepa pali chimene tinataya, ndiye tiyambire kumayambiriro.

Nthawi ya agogo athu moto sunkagulidwa. Madzulo ankaika chikuni chachikulu pa mafuwa n'kukwirira ndi phulusa kuti chigone ndi moto mpaka m'mawa. Ukazima, mwana amatumidwa ndi phale kukapala kwa oyandikana nawo. Potuluka usiku amayatsa muuni wa udzu. Ena ankatunga nsatsi pa kamtengo n'kuyatsa, zimayaka imodziimodzi chifukwa cha mafuta ake. Mwana wa zaka 8 amadziwa kuti muwanga umasunga makala, nkhadze saikoleza chifukwa utsi wake umawawa m'maso, nkhuni zaziwisi zimangofuka. Sukulu ya zimenezi inali pa mafuwa, aphunzitsi ake amayi ndi agogo. Anali osauka inde, koma moto wao amaudziwa kuyambira kumtengo mpaka kuphulusa.

Kenako kunabwera palafini ndi koloboyi. Ife amene tinayamba sukulu cha m'ma 1970 tinakulira pamenepo. Kachitini, kachibowo pa chitsekero, chingwe chake nsanza ya bulangete. Palafini timakagula m'kabotolo pa golosale pa Migowi. Nyali ya galasi inali ya aphunzitsi ndi amene anabwera ku Wenela. Wolemba mayeso a Sitandade 8 amawerenga ataweramira koloboyi, m'mawa m'mphuno muli bii. Ena mabuku anapsa, ena nyumba imene. Apa mpamene kuwala kunasanduka chinthu chogula. Ndalama ikatha, mdima.

Zaka zomwezo magetsi anali atayamba kale m'dziko muno. Mu 1966 anatsegula Nkula pa mtsinje wa Shire, mamegawati 24. Mu 1973 inabwera Tedzani, Kapichira mu 2000. Mawaya anapita ku Blantyre, ku Limbe, ku Zomba ndi m'maesiteti a tiyi. Boma linayambitsa MAREP mu 1980 kuti magetsi afike kumidzi, ndipo m'kupita kwa zaka anafikadi m'matauni ang'onoang'ono ngati pa Migowi pano. Koma mukangochoka pa msewu n'kulowa m'midzi, mapolo amathera kumbuyo. Mu 1994 a Bakili Muluzi atachotsa fizi ku pulayimale, ana anakhamukira kusukulu, nyumba imodzi ana anayi kapena asanu onse akufuna kulemba, koloboyi ndi mmodzi. Kalembera wa 2008 anapeza kuti nyumba zoposa 80 pa 100 zilizonse zinkaunikira palafini.

Chimene chinapha koloboyi ndi kusowa kwa mafuta kwa 2011 ndi 2012. Mukukumbuka mizere ya magalimoto ija ndi zionetsero za pa 20 July. Palafini anasowa, akapezeka mtengo wake sunali wa mlimi. Nthawi yomweyo m'misika munadzaza matochi otchipa a ku China, ndipo anyamata anayamba kulumikiza timababu pa kathabwa ndi mabatire atatu kapena anayi. Pofika kalembera wa 2018, nyumba zounikira palafini sizinakwane 2 pa 100. Zoposa theka zinali pa mabatire, za magetsi a ESCOM pafupifupi 11, za sola pafupifupi 7. M'zaka 10 zokha dziko lonse linasintha nyali popanda wolamula. Utsi unachoka, koma mabatire amatha msanga, mwagula Lachiwiri pofika Loweruka tochi ikuphethira. Otha aja timangotaya kuseri kwa nyumba. Polima timawafukula ndi khasu, ana amawaswa n'kumaseweretsa zakuda za m'kati muja, osadziwa kuti ndi poizoni.

Tsono sola. Sinayambe dzana ayi, panelo yoyamba yogwira ntchito anaipanga ku America mu 1954, koma inali yodula zedi. Kuno tinkaiona pa chipatala ndi pa nyumba za ansembe. Yafika pa denga la mlimi mtengo utatsika. Chimene ambiri saganizira n'chakuti m'madera ambiri sola inalowa m'mudzi kudzera kusukulu. Bungwe la ku London lotchedwa SolarAid, kudzera mu nthambi yake ya SunnyMoney, linkapereka nyali zing'onozing'ono kwa aphunzitsi aakulu kuti azionetse ana ndi makolo. Mwana akabwera nayo kunyumba, oyandikana nawo amaona kuti iyi siifuna palafini, siifuna batire logula, nawo amafuna. Kutsidya kwa phiri, kwa Bondo ku Mulanje, anthu anatchinga madzi a mtsinje wa Lichenya n'kupanga magetsi ao, akuyatsa m'nyumba, pa sukulu ndi pa chipatala. Mu 2021 ku Salima anatsegula munda wa mapanelo wa mamegawati 60, kuposa Nkula yoyamba ija kawiri ndi theka. Mu January 2022 namondwe Ana atagumula damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, a m'tauni kumagona mu mdima pamene wa kapanelo kumudzi akutchaja foni yake bwinobwino. Kuyambira 2023 boma layamba kupereka matabuleti m'sukulu za pulayimale mu ndondomeko ya BEFIT, ndipo kumene kulibe magetsi amatchajira sola.

Mukaiona bwino mbiri imeneyi, kwa nthawi yoyamba chichokereni m'masiku a chikuni, kuwala kwabwereranso m'manja mwathu. Dzuwa sitilipira. Koma nzeru ya kasamalidwe kake siinabwerere. Agogo amaudziwa moto wao, ife sola yathu sitikuidziwa. Zungulirani m'mudzi muwerenge nyumba zimene panelo ili padenga koma batire inafa. Munthu wagulitsa matumba a nandolo kapena mpendadzuwa, wagula panelo pa msika, batire ya galimoto yakale, walumikiza yekha popanda kabokosi koteteza batire kaja, miyezi isanu ndi umodzi zatha. Ndiye kumati sola ndi bodza. Si bodza, ndi kusaphunzitsidwa. Ife akuluakulu mitu inauma, koma m'mera mpoyamba.

Tili ndi umboni wa chimene mwana angachite akapatsidwa nzeru imeneyi. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anasiya sukulu nthawi ya njala ya 2002 chifukwa cha fizi. Anabwereka buku la sayansi lotchedwa Using Energy mu laibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulayimale, n'kupanga makina oyendera mphepo ndi zitsulo zotola ndi njinga ya bambo ake, mpaka babu kuyaka m'nyumba mwao. Anali ndi zaka 14. Lero dziko lonse likumudziwa. Iye analibe panelo yoti aigwire, anali ndi zithunzi za m'buku basi. Ana athu panelo akuiona tsiku ndi tsiku pa denga la sukulu.

Nanga aphunzire chiyani? Zinthu zake si zozama. Adziwe kuti kuno panelo imayang'ana kumpoto, nkhope kuloza ku Chilwa, msana ku phiri la Mulanje, yopendekeka pang'ono kuti mvula izitsuka fumbi. Mwana wa mlimi wa mpendadzuwa sangavutike kumva zimenezi. Adziwe kuti mthunzi wa nthambi imodzi ya mango umachepetsa mphamvu ya panelo yonse, kuti fumbi la October lifunika kupukuta ndi kansalu konyowa, ndiponso kuti masiku a chiperoni mu June ndi July batire siidzaza, ndiye kuyatsa kuchepe. Adziwe kuti batire ya asidi siifuna kuikama mpaka kutheratu, ifike theka basi, ndipo simuthiramo madzi a pa mjigo, pali madzi ake ogula. Ikafa siitayidwa pamene ana amasewera.

Ndipo masamu ake ndi omwe aja a Sitandade 6. Panelo ya mawati 50 ikaombedwa ndi dzuwa lamphamvu maola 5, ndi 250. Kuchotsa zotayika m'mawaya ndi mu batire, titi 200. Mababu atatu a mawati 3 kuyaka maola 4, ndi 36. Mafoni awiri, titi 20. TV ya mawati 40 maola 4, ndi 160. Kuphatikiza zonse 216. Mwaona? Mwadya zoposa zimene mwakolola, ndipo mukatero tsiku ndi tsiku batire ikufa. N'chimodzimodzi nkhokwe. Mwana wodziwa samu imeneyi angathe kunena kuti "Ababa, mpira wokha tionere, filimu mawa", n'kupulumutsa ndalama za nandolo za chaka chonse.

Koma ndisakunamizeni, sola yathuyi siiphika nsima. Mbaula ya magetsi imafuna mawati 1,000 kapena kuposa, kapanelo ka padenga sikangathe. Kalembera yemwe uja wa 2018 anapeza kuti nyumba zoposa 75 pa 100 zimaphikira nkhuni, zambiri mwa zotsalazo makala. Nyali tasintha katatu, mafuwa ndi omwe aja a agogo, kungoti mitengo ya agogo kulibe. Muwanga ndinatchula uja mwana wa lero sanauonepo. Tikuphikira zitsononkho, mapesi ndi mitengo ya nandolo, ndipo atsikana amalawira ku phiri kukatola nkhuni, kusukulu n'kufika mochedwa atatopa kale. Ife a kuno phiri sitiliseweretsa. Mu March 1991 Napolo anatsika m'Michesi ndi miyala ngati nyumba, anthu mazanamazana anapita. Mu March 2023 Freddy anabwerezanso, ku Nkhulambe mpaka lero misozi siinaume. Mvula yotere palibe angailetse, koma phiri lometedwa madzi saima, amatsika ndi dothi lomwe.

Ndiye phunziro la sola lisasiyane ndi phunziro la pa mafuwa. Chitetezo mbaula, ya dothi ija amaumba amayi, boma linaika cholinga mu 2013 choti mbaula zosunga nkhuni zifike 2 miliyoni pofika 2020. Ana ayese okha pa sukulu: mapoto awiri ofanana, madzi ofanana, wina pa mafuwa wina pa chitetezo, awerenge nkhuni zimene zapsa. Aone okha kuti kuvundikira poto ndi kunyika nyemba usiku kumasunga nkhuni. Chimene mwana waona ndi maso ake amakachinena kunyumba, ndipo mayi amamvera.

Pempho langa likupita kwa a komiti ya sukulu, a PTA, a mother group ndi mafumu athu. Izi sizilira bungwe lochokera kunja. Pa Migowi pali anyamata okonza mafoni ndi olumikiza sola, m'midzi muli amayi oumba mbaula, muli agogo odziwa mitengo. Teremu iliyonse apatsidwe tsiku limodzi, aphunzitsi a sayansi akhale pomwepo, ana agwire waya ndi manja ao, aone pamene pali pulasi ndi mainasi. Amene muli ku Joni, mukamatumiza panelo kumudzi muzitumizanso kabokosi koteteza batire, ndipo pomanga pakhale mwana wa sukulu woonerera. Msonkhano wa makolo ukubwerawu nkhaniyi ndikaidzutsa, amene muli pafupi mubwere tidzathandizane.