Khansa ya sarcoma ya m'chiberekero: zomwe sikani ya MRI imaonetsa

Mukauzidwa kuti muli ndi chotupa m'chiberekero, nthawi zambiri chimakhala fibroid, chotupa chomwe si khansa ndipo chimapezeka kwambiri mwa amayi achikuda. Koma pali khansa yosowa yotchedwa leiomyosarcoma, yomwe imayambira m'minofu yomweyo ya chiberekero. Zizindikiro zake n'zofanana: kutaya magazi ambiri, kupweteka m'chinena ndi kutupa mimba. Sikani ya ultrasound imavutika kusiyanitsa ziwirizi, n'chifukwa chake dokotala angakutumizeni ku MRI, makina ojambula m'thupi ndi mphamvu ya maginito.

Zomwe madokotala amayang'ana

Malire a chotupa: fibroid imakhala yozungulira, ya malire ooneka bwino. Sarcoma nthawi zambiri imakhala chotupa chimodzi chachikulu, cha m'mbali mokumbikakumbika, cholowerera m'minofu yoyandikana nacho.

Kuwala kwake: pa zithunzi zotchedwa T2, fibroid wamba imaoneka yakuda, pomwe sarcoma imawala mwamawangamawanga. Pa zithunzi za T1, malo owala amasonyeza magazi omwe atayikira m'kati mwa chotupacho.

Minofu yakufa: mukabayidwa mankhwala a gadolinium m'mtsempha, mbali zamoyo za chotupa zimawala, koma pakati pomwe minofu yafa pamakhalabe pakuda.

Kuyenda kwa madzi: maselo a khansa amakhala othithikana, choncho madzi sayenda momasuka pakati pawo. Zithunzi za DWI zimaonetsa zimenezi.

Kufunika kodziwiratu

Fibroid ikhoza kuchotsedwa yokha chiberekero n'kutsala, koma sarcoma ikaganiziridwa, madokotala amachotsa chiberekero chonse osachidula zidutswa. Mu 2014 bungwe la FDA la ku America linachenjeza kuti makina oduladula zotupa pa opaleshoni angathe kumwaza khansa yobisika m'mimba monse. Khansayi imafalanso kudzera m'magazi, makamaka kupita m'mapapo.

Dziwani kuti MRI imangopereka chithunzi cha chiopsezo. Ma fibroid ena akayamba kuwonongeka m'kati amaoneka ngati khansa, ndipo yankho lenileni limachokera ku labotale chotupa chikapimidwa.

Ngati munasiya kusamba koma chotupa chikukulabe, kapena mwayambanso kutaya magazi, musadikire tsiku lomwe munapatsidwa. Bwererani kuchipatala ndipo funsani dokotala ngati mukufunika MRI musanachitidwe opaleshoni.