Mawu a kufuna pa Chipwitikizi: querer ndi desejar

Mu 2016 boma linatsegulanso msasa wa Luwani ku Neno kuti mukhale anthu othawa nkhondo ochokera ku Tete m'dziko la Mozambique, komwe chiyankhulo cha boma ndi Chipwitikizi. Pa chiyankhulochi, liwu lathu lakuti "kufuna" limagawika patatu.

Querer ndiko kufuna wamba: quero água, ndikufuna madzi. Koma pamaso pa wamkulu kapena mu ofesi, quero amamveka ngati kulamula. Waulemu amati queria, ngakhale kuti liwuli ndi la nthawi yakale. Desejar ndiko kulakalaka, kapena kufunira wina zabwino. Wodwala amene sangachire popanda mankhwala anene preciso de, kuti amveke kuti zavutadi.

Chisipanishi nacho chili ndi querer ndi desear, kungoti wonena kuti te quiero akutanthauza "ndimakukonda".