Sitima Yoyenda Pang'onopang'ono

Ndikamva kulira kwa sitima ndili pa Ginnery Corner, ndimakumbukira kuti njanji inalowa mu Blantyre mu 1908, kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje. Anaimanga a Shire Highlands Railway, ndipo mu 1935 inafika ku Salima. Ndi njanji yopapatiza, ya mamilimita 1,067, yokwera zitunda ndi kukhotakhota kuchokera kuchigwa cha Shire. Liwiro silinali lake chiyambire.

Agogo anga ankadandaula kuti sitima ya anthu imakwawa ngati nkhono. Ine ndimaiikira kumbuyo. Mvula ikakokolola dothi pansi pa njanji, kapena mlatho ukafooka, woyendetsa amalamulidwa kuchepetsa liwiro pamalopo mpaka akonze. Lamulo limeneli limasunga moyo wa mayi wonyamula dengu la tomato kupita naye ku Limbe.

Madzi osefukira mu 1997 anadula njanji ku Chiromo. Mu 1999 boma linapereka ntchito ya Malawi Railways kwa Central East African Railways, koma udindo woteteza okwera ukadali wa boma. Likonze njanji kaye, liwiro libwere pambuyo.