Ana a ku Kiungani: pomwe mzere wa makolo umathera

M'mabanja ena a m'mbali mwa nyanja ya Niassa, mzere wa makolo umathera pa munthu mmodzi. Akuluakulu amachula agogo ao, amachulanso amene anabala agogowo, kenaka amangoti ameneyo anabwera ndi amishoni. Atate ake sadziwika, amai ake sadziwika, ngakhale pfuko lake.

Nkhani ya anthu otere imayambira ku Zanzibar. Kucokera mu 1864, mishoni ya Angilikani ya UMCA inkalandira ana amene anaomboledwa m'ngalawa za ogulitsa akapolo. Anyamata ankaphunzira ku Kiungani, atsikana ku Mbweni. Atakula, ena anatumizidwa kunyanja kuno kudzaphunzitsa. Mmodzi mwa iwo ndi Augustine Ambali, wa mtundu wa Azaramo, amene anakhala zaka zambiri ku Messumba ndipo anadzozedwa unsembe mu 1906.

Wofufuza mbiri ya banja amathamangira ku kaundula wa ubatizo, ndipo salakwa. Koma kaundulayo amayamba pa tsiku limene mwana analandira dzina latsopano. Dzina loyamba kawirikawiri linali la Cingelezi, nthawi zina la munthu wa ku England amene ankalipira zosowa za mwanayo. Laciwiri linkatha kukhala la Ciswahili, longotola panjira. Cecil Majaliwa, amene anakhala wansembe mu 1890, anali Myao, koma pa maina ake awiriwo palibe la Ciyao.

Cimene cimathandiza kwambiri ndi zimene anawo ankakumbukira okha. Mu 1887 A. C. Madan anasindikiza buku lochedwa Kiungani, momwe anyamata a pasukulupo anafotokoza za kwao: mtsinje, dzina la mfumu, njala kapena nkhondo imene inawabalalitsa. Petro Kilekwa naye analemba mbiri yake, Slave Boy to Priest, yotuluka mu 1937. Anabadwira pakati pa Abisa, ca ku nyanja ya Bangweulu, ndipo kwao ankachedwa Chilekwa. Atagwidwa, amai ake anayesa kumuombola, koma nsalu imene anali nayo inapelewera pa mtengo umene omugwirawo ankafuna. Anayenda mpaka kugombe, anakwezedwa m'ngalawa, anaomboledwa ndi sitima ya nkhondo ya Britain nakatsitsidwa ku Muscat, kenaka Zanzibar, mpaka kudzakhala wansembe ku Nyasaland. Munthu atangoona dzina lakuti Kilekwa m'kaundula angaganize kuti ndi Mswahili. Kusintha kwa mau oyamba okhawo kukanakwanira kubisa dziko lonse la kwao.

Cilankhulo naco ndi mboni, ndipo mboni yake siinama msanga. Ca m'ma 1853, kufupi ndi Mombasa, Johannes Rebmann analemba mau a Cinyanja kucokera pakamwa pa kapolo wina dzina lake Salimini. Maina a midzi, mitsinje ndi mapiri amene Salimini anachula ndiwo athandiza akatswiri kuloza kwao, m'cigawo capakati ca Malawi wa lero. Conco mau acilendo amene gogo wina ankakonda kunena, kanyimbo kotonthozera mwana kamene anansi sankakamva, ngakhale mphini za kumaso zimene adzukulu akuzikumbukira, zonsezi n'zoyenera kuzilemba monga zilili, osazikonza kuti zimveke bwino.

Mfunda wokha ndiwo wofunika kuucenjerera. Mwana wamasiye ankatha kutenga wa amene anamulera, ndiye kukhala Phiri kapena Banda sikutsimikiza magazi.

Palinso cina cimene cinafafaniza mapazi a anthuwa. Pakati pa Anyanja ndi Acewa, ana ndi a kucikazi. Mphunzitsi wocokera ku Zanzibar akakwatira pamudzi, analibe mlongo, analibe mbumba, analibe muphwa womulowa dzina. Ana ake ankawerengedwa kwa amalume ao, ndipo pofika mbadwo wacitatu za iye kunkatsala dzina la ubatizo lokha. Makalata ambiri a UMCA akusungidwa ku Bodleian Library, mu mzinda wa Oxford, kutali ndi adzukulu amene akuwafuna.