Kuchokera pa wailesi kufika pa kanema: mbiri ya ochemerera mpira kwathu ku Thuchila

Pali dandaulo limene akuluakulu a zamasewero m'dziko muno amakonda kulibwereza: akuti achinyamata a lero anautaya mpira wakwawo, mitima yawo ili ku London ndi ku Manchester. Umboni sausowa. Pa Thuchila, pa Nkando kapena pa Chonde, Loweruka masana bolodi la pakhomo pa nyumba yoonetsera kanema limakhala litalembedwa ndi choko maina a Arsenal, Chelsea ndi Liverpool, ndipo mnyamata amene sanapondeko pa Kamuzu Stadium amatchula osewera onse 11 a Manchester United osapunthwa. Dandauloli lili ndi mfundo, koma limaiwala mbiri. Munthu wa ku Thuchila wakhala akuchemerera timu yakutali kuyambira nthawi ya agogo ake. Zimene zasintha ndi njira imene mpirawo umamufikira komanso kumene ndalama zake zimathera.

Mpira wamiyendo unalowa m'Nyasaland kudzera m'sukulu za amishoni ndi m'magulu a ogwira ntchito za boma la atsamunda. Kwa zaka zambiri azungu anali ndi mipikisano yawo, anthu akuda yawonso. Pamene ufulu unkayandikira, mpira wathu unali ukadali wakhanda: mu 1962 timu ya Ghana inaswa Nyasaland 12-0, ndipo mpaka lero palibe amene anatigoletsa zigoli zoposa pamenepo. Chaka chomwecho ku Blantyre kunabadwa timu ya Wanderers, imene inayambitsidwa ndi Apwitikizi okhala mumzindawo. Mu 1966 bungwe la Football Association of Malawi linakhazikitsidwa, ndipo mu 1967 osewera ena amene anachoka ku Wanderers anayambitsa Bullets. Mkangano wa Manoma ndi Maule, umene umagawanitsa mabanja mpaka kuno kumunsi kwa phiri la Mulanje, unayamba ngati kupatukana kwa ana a nyumba imodzi.

Nanga munthu wa kumudzi anaulowa bwanji mkangano wa matimu a m'tauni? Anaulowa ndi khutu. MBC inayamba mu 1964, ndipo mu ulamuliro wonse wa Dr. Kamuzu Banda dziko lino linalibe nyumba youlutsira kanema. Kawailesi ka Nzeru, kokhala ndi mabatire oyanikidwa padzuwa kuti akokeko pang'ono, ndiko kanali bwalo la zamasewero la mudzi wonse. Amuna ankakazungulira pakhonde, ana atakhala pansi, ndipo mwini wailesi anali mfumu ya tsikulo. Mawu a oulutsa mpira ngati Steve Liwewe Banda ndiwo ankajambula bwalo m'mutu mwa omvera. Umu ndi mmene anthu ambiri anamvera kuti Malawi yatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 itagonjetsa Zambia 3-2 pakhomo, kuti yachitenganso ku Kenya mu 1979, ndi kachitatu mu 1988. Umu ndi mmenenso anadziwira Kinnah Phiri, amene anagoletsera Flames zigoli 71, Jack Chamangwana, Young Chimodzi ndi Lawrence Waya. Ambiri mwa anthu amene ankakangana za osewerawa pa bawo sanawaone ndi maso ngakhale kamodzi. Kwa mlimi wa nandolo wa ku Thuchila, Blantyre inali kutali mokwanira, ndipo ulendo wokaonera mpira unali wa anthu a malipiro a pamwezi. Choncho kukonda timu imene sunaione si matenda obwera ndi DStv. Ndi mmene kuchemerera kunayambira kumudzi.

Ngakhale mpira wakunja si mlendo wa dzulo. Kwa zaka zambiri amuna a m'dziko muno ankapita ku Joni kudzera ku WENELA, mpaka pamene ndege inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi, boma n'kuyimitsa kaye kulemba anthu ntchitoyo. Obwerera kwawo ankabwera ndi njinga, mabulangete ndi mawailesi, komanso nkhani za Orlando Pirates, timu ya mu 1937, ndi Kaizer Chiefs ya mu 1970. Kenaka osewera athu nawo anatsata njira yomweyo. Malawi inali pa ubale ndi boma la tsankho la South Africa kuyambira mu 1967, pamene FIFA inali italitsekera dzikolo kunja kwa mpira wa dziko lonse. Ernest Mtawali anatchuka ku Bloemfontein Celtic akudziwika ndi dzina loti Ernest Chirwali, asanakasewere ku Toulouse m'dziko la France. Chamangwana anakafika ku Kaizer Chiefs, ndipo John Maduka naye anapita kukasewera ku South Africa pambuyo pake. Wochemerera wa ku Malawi anaphunzira kalekale kukhala ndi matimu awiri, ina ya pakhomo, ina ya kumene kunapita mbale wake.

Pakhomopo, chinthu chimene chinkasinthasintha ndi maina. Ligi yaikulu ya dziko lonse, Super League, inayamba mu 1986, koma matimu ankakhalira kudalira thumba la kampani kapena la munthu mmodzi. Bullets yakhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets ndi Nyasa Big Bullets. Wanderers yakhalapo Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward ndi Mukuru. Thandizo likakhalapo zinthu zinkayenda: mu 2004, ndi ndalama za mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo Bakili Muluzi, Bullets inatulutsa Orlando Pirates n'kufika mu ndime ya magulu ya CAF Champions League, kumene inakumana ndi Enyimba, Étoile du Sahel ndi Africa Sports. Thandizolo litatha, timu inabwerera ku mavuto a ndalama. Pa kusintha konseku, amene anasunga dzina losasintha ndi ochemerera. Maule ndi Manoma si maina olembedwa pa mgwirizano ndi kampani iliyonse, ndipo ndi amene akhalitsa kuposa onse.

Kusintha kwakukulu kunabwera ndi diso. Premier League ya ku England inayamba mu 1992, DStv mu 1995, ndipo Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999. Anthu ochepa okha ndiwo akanatha kugula dishi, koma wamalonda wa pa msika anaona mwayi: chipinda chimodzi, mabenchi a matabwa, kanema mmodzi, jenereta pambali podikira kuzima kwa magetsi, ndi mnyamata wotolera ndalama pakhomo. Mungathe kudziwa zaka za munthu pomufunsa timu yake. Amene anayamba kuonera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ambiri ndi a Manchester United, imene inatenga zikho zitatu mu 1999. Otsatira awo anagwidwa mtima ndi Arsenal imene inamaliza ligi ya 2003/04 osagonja, muli Nwankwo Kanu, Kolo Touré ndi Lauren. Ena anapita ku Chelsea chifukwa cha Didier Drogba ndi Michael Essien, ndipo ang'ono athu anapeza Liverpool ya Mohamed Salah ndi Sadio Mané. Taonani maina amenewa. Nthawi zambiri chimene chinakoka mwana wa ku Mulanje kupita ku timu ya ku England chinali Mwafrika mnzake.

Pali chifukwa chinanso, cha m'thumba. Kuti munthu wa ku Thuchila akaonere Maule ndi Manoma ayenera kulipira minibasi kupita ndi kubwerera pa msewu wa Midima, tikiti ya pageti ndi chakudya, ndipo tsiku lonse lapita. Kuti aonere Arsenal ndi Chelsea amangoyenda wapansi, kulipira ndalama yochepa, mpira n'kuyamba pa nthawi yake. Pamwamba pa izo pali mantha. Pa 6 July 2017 anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa popanikizana pa zipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe asanayambe masewero a Bullets ndi Silver Strikers. Kholo lililonse limene linamva nkhaniyo limaganiza kawiri lisanatumize mwana ku bwalo lalikulu. Tisanamunene wachinyamata kuti alibe chikondi cha dziko lake, tiwerengere kaye mtengo umene mpira wakwawo umamulipiritsa.

Chikondicho chilipo, ndipo chimaonekera mpata ukapezeka. Mu 1984, pa ulendo woyamba ku Africa Cup of Nations ku Côte d'Ivoire, Algeria inatigonjetsa 3-0. Pa 11 January 2010 ku Luanda, Flames ya Kinnah Phiri, tsopano ali mphunzitsi, inabweza ngongoleyo ndi zigoli zomwezo, 3-0, kudzera mwa Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Mu January 2022 ku Cameroon, Gabadinho Mhango anagoletsa ziwiri pogonjetsa Zimbabwe 2-1, timu inalepherana 0-0 ndi Senegal imene inadzatenga chikhocho, ndipo pa masewero ndi Morocco Gabadinho anaponya chigoli cha kutali chimene dziko lonse la mpira linakamba, ngakhale tinagonja 2-1. Usiku umenewo, m'nyumba zoonetsera kanema zomwe zija, a Chelsea ndi a Arsenal anali anthu amodzi. Ndipo lero mzere wa pakati pa kwathu ndi kunja wasokonezedwa ndi atsikana awiri a ku Rumphi. Tabitha Chawinga anaposa onse pogoletsa mu ligi ya Italy ali ku Inter mu 2022/23, kenaka n'kupita ku Paris Saint-Germain ndi Lyon. Mng'ono wake Temwa anagoletsa zigoli 20 ku Kansas City Current mu 2024 n'kusankhidwa wosewera wopambana mu ligi ya America. Scorchers inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia 2-1. Wotsatira Lyon chifukwa cha Tabitha akuchemerera mpira wakunja kapena wakwawo?

Nkhawa yanga ili pena. Agogo athu ankamvera mpira kwaulere, ndipo kukonda kwawo kunali pa timu. Ife timalipira, ndipo ndalama zathu zambiri zimadutsa pamwamba pa matimu athu: ku dishi, ku bandulo ya intaneti, ku jezi ya pa kaunjika, ndiponso ku kubetcha, kumene kwafalikira m'misika ndi m'mafoni pa zaka khumi zapitazi. Wobetcha sachemerera timu. Amachemerera kapepala kali m'manja mwake, ndipo akhoza kusangalala timu yake ikagonja bola kapepalako kalowe. Komanso mpira wa pa dishi uli m'manja mwa ena. Mu August 2023, pa mkangano wa mitengo ndi bungwe la MACRA, MultiChoice inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi, ndipo panapita miyezi nkhaniyo isanathe. Pamene izi zili choncho, mu 2024 FOMO FC, timu yochokera ku bungwe losamalira ana amasiye ku Mulanje komweku, inasewera mu Super League n'kutuluka chaka chomwecho. Kwa chaka chimodzi mpira wa ligi yaikulu unali pakhomo pathu. Ndi angati mwa ife amene tinalipira pageti?

Sindikupempha aliyense kuti asiye Arsenal. Ndikupempha zinthu ziwiri zotheka. Choyamba, oyendetsa ligi aone nyumba zoonetsera kanema za m'misika ngati mabwalo awo enieni, chifukwa kumeneko n'kumene kuli khamu, ndipo aonetsetse kuti masewero a matimu athu akufikako ndi chithunzi chooneka bwino komanso pa nthawi yodziwika. Chachiwiri ndi chathu ife ophunzira za mbiri, zilankhulo ndi chikhalidwe. Zigoli za Drogba zonse zili pa YouTube, koma zambiri mwa zigoli 71 za Kinnah zili m'mitu ya anthu amene anazimva pa wailesi, ndipo anthuwo akukalamba. Pa tchuthi chikubwerachi, tenga foni yako, ukakhale pansi ndi agogo kapena amalume amene anamvera fainolo ya 1978, uwafunse kuti wailesi inali ya ndani, anakhala pati, ndipo mudzi unatani mpira utatha. Ujambule mawu awo, ulembe tsiku ndi dzina la mudzi, ukasunge.